Kutuwa kwa zitsulo m'nkhani ndi m'ndakatulo: kumanena chiyani?

Tiyamike:
Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landikhala pamtima kwa kanthawi. M'mabuku ambiri, wolemba akafuna kutionetsa munthu wouma mtima amamupatsa maso otuwa ngati chitsulo. Kukamabwera zoopsa, thambo limatuwa ngati mtovu. Zimabwerezedwa mpaka wowerenga amachita kudziwiratu. Kodi kutuwa konyezimira kwa zitsuloku kuli ndi tanthauzo lakelake, kapena olembawa amangotengerana? Ndikufunsa chifukwa ndikulemba nkhani ya msilikali wopuma pantchito, ndipo sindikufuna kumupaka utoto umene aliyense amapaka.

Kondwani:
Achemwali, ine ndinena mosapsatira: amangotengerana. Mtundu pawokha sulankhula. Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi pa kompyuta, ndipo kumeneko kutuwa ndi manambala basi. Kufiira, kubiriwira ndi buluu zikakhala pamlingo wofanana, mwapeza chotuwa. M'manambalamo mulibe nkhanza, mulibenso chisoni. Ndiponso siliva simungamupange ndi mtundu umodzi. Pamafunika mbali yowala ndi mbali yamdima kuti diso likhulupirire kuti likuona chitsulo.

Bambo Mbewe:
A Kondwani, mfundo yanu yomalizayo ndi imene ikutsutsa yoyambayo. Ngati chitsulo sichioneka popanda kuwala ndi mdima, ndiye kuti tikukamba za chinthu choposa mtundu. Ndaphunzitsa mabuku kwa zaka zambiri, ndipo ophunzira anga ndinkayamba ndi kuwasiyanitsira kutuwa kuwiri.

Pali kutuwa kwa phulusa. Phulusa ndi chimene moto wathana nacho. N'lopepuka, mphepo imaliuluza, siliwala ngakhale dzuwa litaliomba. N'chifukwa chake Abrahamu pochonderera Mulungu za Sodomu amadzitcha fumbi ndi phulusa, ndipo Yobu amalapa m'fumbi ndi m'phulusa. Kutuwa kumeneku kumanena za kutha, kudzichepetsa, kuzilala kwa moyo.

Ndiye pali kutuwa kwa chitsulo. Nachonso chadutsa pamoto, koma chatulukamo cholimba kuposa mmene chinalowera. N'cholemera, n'chozizira ukachigwira, ndipo chimabweza kuwala. Wolemba akanena kuti maso a munthu atuwa ngati phulusa, watiuza kuti munthuyo zamuthera. Akanena kuti atuwa ngati chitsulo, watiuza kuti munthuyo angathe kuthetsa anzake. Diso likuona mtundu wofanana, koma thupi la wowerenga likukumbukira zinthu ziwiri zosiyana zimene dzanja lake linagwirapo.

Mwanangu Tiyamike, vuto la olemba amene mukuwadandaulawo ndi lakuti amaima pa mawu akuti chitsulo ngati kuti zitsulo zonse n'chimodzimodzi. Mtovu, chitsulo chosulira zida ndi siliva zili ndi mbiri zitatu zosiyana m'zolembalemba.

Mavuto:
Zikomo bambo, mwandikhudza pantchito yanga. Ine ndine wowotcherera zitsulo, mabuku sindinawerenge ambiri, koma kutuwa kumeneku ndimakhala nako m'manja tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuuzeni kuti sikukhazikika.

Tengani mtovu. Kunja kwake ndi kotuwa kwakuda, kosasangalatsa m'maso. Koma muudule ndi mpeni, poti ndi wofewa moti ngakhale chikhadabo chimasiya mzere, mudzaona mkati mukuwala ngati siliva, mopendekera ku buluu. Musiye pamenepo, mukabwerako mupeza kuwala kuja kwazilala. Mpweya waphimba.

Chitsulo chatsopano chochokera kufakitale chimabwera ndi khungu lotuwa modera. Ndikachipala ndi galainda, pansi pake pamatuluka poyera mbee, ponyezimira, pokhala timizere ta mwala wopalira. Chikagona panja usiku wa mvula, m'mawa chayamba kale madontho a dzimbiri. Ndipo chopalidwacho ndikachitenthetsa pang'onopang'ono, chimasintha: chimayamba chikasu chonga udzu wouma, kenako chofiirira, kenako chapepo, kenako buluu, chisanafike poyaka mofiira. Osula mipeni amawerenga mitundu imeneyi kuti adziwe pamene mpeni walimba bwino osakhala wophweka kuthyoka.

Choncho ndikamva kuti munthu ali ndi maso ngati chitsulo, ndimafuna kufunsa kuti chitsulo chake chiti, chopala kapena chogona pamvula?

Thoko:
Achimwene a Mavuto, funso limenelo ndalikonda. Koma ndifunseko: n'chifukwa chiyani zitsulo pafupifupi zonse zimakhala zotuwa, pamene golide ndi mkuwa zokha zili ndi mtundu wake?

Dalitso:
Achemwali a Thoko, m'zitsulo muli tinthu tamagetsi totchedwa ma elekitironi timene timayenda momasuka, ndipo kuwala kukafika timakubweza. Zitsulo zambiri zimabweza mitundu yonse ya kuwala pamlingo wofanana, ndiye diso siliona mtundu wina ukuposa unzake. Siliva amabweza pafupifupi kuwala konse, n'chifukwa chake amaoneka woyera ndipo anthu anapangira magalasi odziyang'anira. Chitsulo wamba ndi mtovu zimabweza kocheperapo, zimaoneka zoderako. Golide ndi mkuwa zimameza mbali ya kuwala kwa buluu, n'kutibwezera chikasu ndi kufiira. Ndiye kutuwa kwa chitsulo chopala ndi kutuwa kobweza zimene zili patsogolo pake. Ukayang'ana m'maso a munthu wotere umadziona wekha, za mkati mwake sudziwa. Ndikuganiza kuti kuopsa kwake kwagona pamenepo.

Mayi Nabanda:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma a Mbewe atatchula Abrahamu ndati nane ndiponyepo. M'Baibulo zitsulo zimaikidwa pamndandanda, ndipo kutsika kwake kumanena kanthu. Pa Danieli chaputala 2, fano limene Nebukadinezara analota linali ndi mutu wagolide, chifuwa ndi manja zasiliva, mimba ndi ntchafu zamkuwa, miyendo yachitsulo, mapazi achitsulo chosakaniza ndi dongo. Taonani kuti pamene ulemerero ukuchepa, mphamvu yophwanya ikukula. Ufumu wachitsulo ndi umene ukunenedwa kuti udzaphwanya ndi kupera ena onse. Komabe m'malotomo mwala unagunda fanolo kumapazi, pamene chitsulo chinakana kugwirana ndi dongo.

Pa Levitiko 26 pali chenjezo lakuti thambo lidzakhala ngati chitsulo ndipo nthaka ngati mkuwa. Limenelo ndi thambo lotseka, losagwetsa mvula, ndipo ine ndimamvanso kuti ndi thambo limene pemphero silidutsa. Tiyamike, thambo lotuwa limene mwatchula lija linayambira kutali.

Mtovu nawo ulimo. M'nyimbo ya Mose pa Eksodo 15, ankhondo a Farao anamira m'madzi ngati mtovu. Pa Zekariya 5, mneneri akuona mkazi woimira kuipa atakhala m'dengu loyezera, ndipo pakamwa pa dengulo pakuikidwa chivindikiro chamtovu. Paliponse mtovu ndi chinthu chokokera pansi kapena chotsekera.

Koma chitsulo sichoipa nthawi zonse. Pa Miyambo 27:17 chitsulo chinola chitsulo chinzake monga munthu anola mnzake. Pamenepo kulimba kwake ndi ubwenzi.

Bambo Mbewe:
Mayi Nabanda, mwanditsegulira njira ya ku mtovu, ndipo mundilole ndichedwepo, chifukwa pa zitsulo zitatuzi mtovu ndi umene olemba anaugwiritsa ntchito mozama kwambiri.

Akale a ku Ulaya ankalumikiza chitsulo chilichonse ndi chounikira chakumwamba: golide ndi dzuwa, siliva ndi mwezi, chitsulo ndi Mars, mulungu wa nkhondo, mtovu ndi Saturn, nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono, mwini wa chisoni chosatha. Mtovu unali pansi pa zonse, ndipo amene ankayesa kupanga golide ankayambira pa iwo.

Ovid, mlakatuli wa ku Roma, m'buku loyamba la Metamorphoses amapatsa Cupid, mulungu wa chikondi, mivi iwiri. Wansonga yagolide umayatsa chikondi, wansonga yamtovu ndi wobuntha ndipo umachithamangitsa. Apollo analasidwa ndi wagolide, Daphne ndi wamtovu, ndipo mtsikanayo anathawa mpaka kusanduka mtengo.

Dante, m'gawo 23 la Inferno, ndakatulo yake ya Chitaliyana yonena za ku gehena, amaveka anthu achiphamaso mikanjo yokutidwa ndi golide kunja, yowala mothobwa m'maso, koma mkati mwake ndi mtovu wokhawokha. Amayenda pang'onopang'ono, akulira, atatopa ndi kulemera kwa chovala chawo chomwe. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma Dante anawonjeza chimene mwambiwu sunena: wonyengayo ndi amene amasenza chinyengo chake mpaka muyaya.

Mpaka apa mtovu ndi woipa. Tsopano taonani mmene Shakespeare anautembenuzira m'sewero la The Merchant of Venice, la m'zaka za m'ma 1590. Wofuna kukwatira Portia ayenera kusankha pakati pa timabokosi titatu: kagolide, kasiliva ndi kamtovu. Kalonga wa ku Morocco akusankha kagolide, akupezamo chigaza. Kalonga wa ku Arragon akusankha kasiliva, akupezamo chithunzi cha chitsiru. Kamtovu kalembedwa kuti wokasankha ayenera kupereka ndi kuika pachiswe zonse zimene ali nazo. Awiri aja akukanyoza. Bassanio akukasankha, ndipo chithunzi cha Portia chili momwemo. Chitsulo chimene sichilonjeza kanthu ndi chimene chasunga choonadi.

Oscar Wilde anapita patsogolo m'nthano ya The Happy Prince ya mu 1888. Chiboliboli cha kalonga chaima pamwamba pa mzinda, chokutidwa ndi golide, maso ake ndi miyala yamtengo wapatali, koma mtima wake ndi wamtovu. Kalongayo akuona umphawi wa anthu ndipo akutuma namzeze kuti azichotsa chuma chake n'kukapatsa osauka: mwala wa pa lupanga, diso limodzi, diso linalo, kenako golide tsamba ndi tsamba. Namzeze atafa ndi chisanu pamapazi pake, mtima wamtovu uja ukusweka pakati. Akuluakulu a mzinda akugwetsa chibolibolicho n'kuchisungunula, koma mtimawo ukukana kusungunuka, ndipo akuutaya kudzala kumene kuli mbalame yakufa ija. Mulungu atatuma mngelo kuti abweretse zinthu ziwiri zamtengo wapatali koposa mumzindamo, mngelo akubweretsa zimenezo. Kwa Dante golide wakunja akubisa mtovu wa manyazi. Kwa Wilde golide akuchoka kuti mtovu wa chifundo uonekere.

Kondwani:
Bambo, zitsanzo zanu n'zamphamvu, sindikana. Koma zonsezi zikukamba za kulemera ndi kutchipa kwa mtovu. Mkanjo wa Dante ukanakhala wobiriwira mkati koma wolemera chimodzimodzi, chilango chikanakhala chomwecho. Kabokosi ka Bassanio kakunyozedwa chifukwa mtovu ulibe mtengo. Mtundu ukungotsatira m'mbuyo. Ndiye mfundo yanga idakalipo: tanthauzo lili m'chinthucho, osati m'kutuwa kwake.

Bambo Mbewe:
Pa Dante ndikugwirizana nanu, kulemera ndiko kwatsogola. Pa awiri enawo ayi. Bassanio posankha akunena yekha kuti kutumbuluka kwa mtovuwo kukumukhudza kuposa mawu okoma. Akusankha ndi maso, kabokosiko sanakanyamule. Ndipo Wilde akutiuza mwachindunji kuti golide atatha kalonga uja anaoneka wosawala ndi wotuwa, ndipo n'chifukwa cha maonekedwe amenewo kuti meya akulamula kuti achotsedwe. Akuluakulu aja akuweruza ndi mtundu, ndipo nthano yonse ikuwatsutsa pa chimenecho.

Komanso, a Kondwani, n'chifukwa chiyani tilekanitse ziwirizi? Palibe munthu anaonapo kutuwa kukuyenda kokha. Anaona mpeni, unyolo, ndalama, chipolopolo. Diso linaphunzira kwa dzanja. Wolemba akatchula mtunduwo, kulemera ndi kuzizira zimabwera zokha.

Mavuto:
Nkhani ya mtima wosasungunukayo yandidabwitsa, chifukwa pa zitsulo zimene ndimagwira mtovu ndiwo suchedwa kusungunuka. Umasungunuka pa madigiri 327, pamene siliva amafuna 962 ndipo chitsulo chimafuna oposa 1,500. Munthu wa pang'anjo akaona mtovu ukukana moto amadziwa kuti pachitika chozizwitsa. Wolembayo akanati mtima wachitsulo, palibe akanadabwa. Anasankha chofewa kwambiri kuti chikane ng'anjo.

Tiyamike:
Achimwene a Mavuto, zimenezo sindikanaziona ndekha, zikomo kwambiri. Ndayamba kumva kuti msilikali wanga si wachitsulo ayi. Anali wachitsulo ali pantchito. Pano chimene ali nacho ndi kulemera, amadzuka m'mawa thupi lili zii, sakwiya, salira. Kodi alipo analembapo za mkhalidwe umenewo?

Dalitso:
Alipo, achemwali. Emily Dickinson wa ku Amherst, ku America, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1830 mpaka 1886, ali ndi ndakatulo yonena za nthawi yotsatira ululu waukulu. Sakamba za kulira. Akukamba za mapazi oyenda okha ngati makina, mtima wouma gwa, ndipo nthawi imeneyo akuitcha ola la mtovu. Akuifanizira ndi munthu amene akuuma ndi chisanu: kuzizidwa, kenako dzanzi, kenako kungodzisiya. Ndi ndakatulo yaifupi, koma sindidziwa ina yofotokoza bwino chonchi munthu amene mwamutchulayo.

Mtovu unalowanso m'mbiri ya mayiko. Ku Italy, nyengo yoyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980 imatchedwa zaka za mtovu. Munali mabomba ndi kuphana kwa magulu andale a mbali zonse ziwiri. Aldo Moro, amene anakhalapo nduna yaikulu, anabedwa mu Marichi 1978 n'kuphedwa mu Meyi chaka chomwecho. Dzinalo linafala kutsatira filimu ya Margarethe von Trotta ya mu 1981. Ku Morocco nakonso zaka za nkhanza mu ulamuliro wa Mfumu Hassan II zimatchedwa chimodzimodzi. M'dzinali muli zipolopolo, mulinso mpweya wolemera wa dziko limene anthu amalankhula monong'ona.

Za chitsulo cholimba, a Kondwani, ndili ndi chitsanzo chimene mtundu weniweniwo unasintha maganizo a anthu. Sitima zankhondo sizinali zotuwa chiyambire. Za ku Britain m'nthawi ya Mfumukazi Victoria zinali zakuda m'munsi, zoyera m'mwamba, mipope ya utsi yachikasu. Sitima zazikulu 16 za ku America zimene Pulezidenti Theodore Roosevelt anazitumiza kuzungulira dziko kuyambira 1907 mpaka 1909 zinali zoyera, zokongoletsedwa kutsogolo, chifukwa cholinga chinali chakuti zionedwe. Zitabwerera zinapakidwa utoto wotuwa. Mizinga inali itayamba kuombera kutali, ndipo sitima yooneka msanga ndi imene inkayamba kumira. Kutuwa kunasankhidwa kuti sitima isowe pakati pa nyanja ndi thambo. Kuchokera pamenepo mbadwo wonse unaphunzira kuti chinthu chachikulu chotuwa chotulukira m'nkhungu chabwera kudzapha. Nkhondo inavula zokongoletsa zake, ndipo olemba a pambuyo pa 1914, chaka chimene nkhondo yoyamba ya padziko lonse inayamba, analandira mtunduwu uli ndi tanthauzo latsopano: imfa yopangidwa m'fakitale, yopanda nkhope.

Kondwani:
Chitsanzo cha sitimacho ndachilandira. Koma chikusonyezanso kuti tanthauzolo linachita kupangidwa ndi anthu pa nthawi yodziwika. Silinabadwe ndi mtunduwo.

Dalitso:
Inde linapangidwa. Koma chopangidwa chikakhala m'mitu ya owerenga mamiliyoni, wolemba sangachite ngati kulibe. Andale anazindikira zimenezi kalekale. Bismarck, nduna yaikulu ya Prussia, mu 1862 analankhula za chitsulo ndi magazi. Churchill wa ku Britain mu 1946 ku Fulton, ku America, ananena za chinsalu chachitsulo chimene chagawa Ulaya. Nyuzipepala ya asilikali a Soviet Union mu 1976 inatcha Margaret Thatcher, wandale wa ku Britain, mayi wachitsulo pofuna kumunyoza, iye n'kulitenga dzinalo ngati ulemu. Palibe mwa amenewa anafunika kufotokoza chimene ankatanthauza.

Mayi Nabanda:
Siliva tamusiya m'mbuyo, ndipo iye ali ndi nkhope ziwiri kuposa anzakewo. Pa Salimo 12 mawu a Yehova akufanizidwa ndi siliva woyengedwa m'ng'anjo kasanu ndi kawiri. Koma ndi ndalama 30 zasiliva zimene Yudasi analandira. Choyera koposa ndi chogulira munthu, chitsulo chimodzi. Ndipo amene anasungapo chinthu chasiliva akudziwa kuti chimada chikangokhala, chimafuna kupukutidwa nthawi ndi nthawi. Golide sachita zimenezo. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake siliva amayenera nkhani za kukhulupirika kumene kungathe kuonongeka.

Ndiye pali imvi. Olemba amakonda kunena kuti tsitsi la nkhalamba ndi lasiliva akafuna kuilemekeza, ndipo amati ndi lotuwa ngati chitsulo akafuna kusonyeza kuti ikadali ndi mphamvu ndi ukali. Pa Miyambo 16:31 imvi ndi korona wa ulemu. Tiyamike, msilikali wanuyo mumuyang'anenso kumutu.

Bambo Mbewe:
Pa imvi, mayi, mwandikumbutsa Agiriki. Kwa Homer, mlakatuli wawo wakale, chitsulo, nyanja yowinduka ndi tsitsi la nkhalamba zimapatsidwa kutuwa kumodzi. Zitatuzi n'zinthu zimene mnyamata sangalimbane nazo.

Hesiod, mlakatuli winanso wachigiriki amene anakhalako cha m'ma 700 Yesu asanabadwe, anagawa mbiri ya anthu m'mibadwo isanu: wagolide, wasiliva, wamkuwa, wa ngwazi, ndi wachitsulo. Iye akudandaula kuti anabadwa mu wachisanuwo, mbadwo wa thukuta usana ndi nkhawa usiku, mmene mwana sadzalemekeza kholo ndipo wolumbira monama adzapambana wolungama. Ndiye akunena chinthu chimene chimandiimitsa nthawi zonse ndikachiwerenga: Zeus, mfumu ya milungu yawo, adzawononga mbadwo umenewu pamene makanda adzayamba kubadwa ali ndi imvi m'mbali mwa mutu. Taganizani khanda lotuwa tsitsi. Mbadwo wachitsulo ukutha pamene mtundu wa chitsulocho wafika pamutu pa wobadwa kumene, ubwana watheratu padziko.

Mwanangu, langizo langa ndi ili. Musathawe mtunduwu chifukwa ena anaugwiritsa ntchito mwaulesi. Chotsani kumaso, poti kumeneko ndi kumene kunatha mphamvu, muuike pa chinthu chimene munthu wanuyo amagwira. Mendulo imene yada chifukwa sanaipukute. Lezala limene amanola m'mawa uliwonse ngakhale alibe kopita. Wowerenga akaona chimene akupukuta ndi chimene wachileka, adzamudziwa popanda inu kutchula mtima wake.

Thoko:
Ine chimene chikundizunguza ndi chakuti masiku ano mtundu womwewu ndi wa zinthu zodula. Mafoni, malaputopu, mafiriji, magalimoto. Apple inatulutsa iPhone 5s mu 2013 ndi mtundu umene inautcha Space Gray, ndipo anthu anaukonda ngati chizindikiro cha ulemu ndi ukhondo. Palibe amaganiza za sitima zankhondo akagula foni yotere. Kodi mwana amene wakula akugwira kutuwa kosalala kotereku m'manja adzamva mantha akawerenga za thambo lachitsulo? Mwina kwa iye ndi mtundu wa chinthu chatsopano chochokera m'katoni.

Kondwani:
Apa ndi pamene ndimafuna tifike. Makasitomala anga akafuna kuti kampani yawo ioneke yodalirika ndi yamakono amapempha kutuwa konyezimira. Sanawerenge Dante. Ndipo mtovu, umene bambo Mbewe aukweza chonchi, lero anthu amaudziwa ngati poizoni wowononga ubongo wa ana. Unachotsedwa mu utoto wa m'nyumba m'mayiko ambiri, ndipo petulo wamtovu wa magalimoto anatha padziko lonse mu 2021, dziko lomaliza linali Algeria. Wowerenga wa mawa akamva za mtima wamtovu mwina adzaganiza za matenda.

Dalitso:
Tanthauzo latsopano silifafaniza lakale, a Kondwani, limakhala pamwamba pake. M'mafilimu ndi m'mabuku onena za m'tsogolo, kutuwa kosalala komweko ndi khungu la maroboti ndi makoma a malo amene munthu alibe mawu. Ukhondo umene a Thoko akunena ndi mantha amene ine ndikunena zimakumana pamenepo: chinthu chosalala kwambiri moti chala sichisiyapo chizindikiro.

Amene akufuna kuona mmene munthu wodziwa zitsulo amazilembera awerenge Primo Levi. Anali katswiri wa kemisitiri wa ku Turin, anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako Ayuda, ndipo mu 1975 anatulutsa The Periodic Table, buku la mitu 21, uliwonse wotchedwa dzina la chinthu cha m'chilengedwe. Muli mutu wa mtovu, wa zinki, wa siliva. Wa chitsulo ukunena za mnzake Sandro Delmastro, mnyamata wosalankhulalankhula wokonda kukwera mapiri, amene anaphedwa ndi a chipani cha Fascist mu 1944. Kwa Levi chitsulo cha Sandro si nkhanza. Ndi kulimba kwa munthu amene anadzikonzekeretsa yekha pamiyala ndi pachisanu chifukwa ankaona zimene zinkabwera.

Koma ndikuvomereza kuti pali mpata. Zina mwa zimene a Thoko atchulazo, monga mafoni ndi malaputopu ena, si chitsulo, si siliva, ndi aluminiyamu. Ameneyu anabwera mochedwa. Mu 1884 anali wosowa moti kansonga ka pamwamba pa chipilala cha Washington Monument ku America kanapangidwa ndi iye ngati chinthu chamtengo wapatali. Njira yomupanga motchipa inapezeka mu 1886. Magalimoto a mpikisano a Mercedes-Benz ndi Auto Union a m'ma 1930 ankatchedwa mivi yasiliva, chonsecho matupi ake anali a aluminiyamu. Chitsulo chimene chadzaza m'manja mwathu chikubwerekabe dzina kwa siliva, chifukwa Hesiod ndi aneneri sanachidziwe ndipo olemba sanachipatse mbiri yakeyake.

Thoko:
Ndiye mbiri yake ingakhale yotani? N'chopepuka, sichichita dzimbiri lofiira, sichilemera ngati mtovu. Ndikuona ngati chilibe khalidwe. Achimwene a Mavuto, inu mumachigwira, tiuzeni.

Mavuto:
Khalidwe ali nalo, achemwali, ndipo ndi lovuta kuposa onse. Chitsulo chimachenjeza. Ukachiwotcha chimafiira, kenako chimapita kuchikasu, umadziwa pamene wafika. Aluminiyamu sasintha nkhope. Amakhala wotuwa chomwecho, ngati moto sukumukhudza, mpaka pa madigiri 660, kenako amangoti phwa, pamene umawotcherera paja pasanduka dzenje. Ophunzira ntchito ambiri amaboola zinthu za eni ake chifukwa amadikira kufiira kumene sikubwera. Enanso amapsa manja, poti wotentha ndi wozizira amaoneka chimodzimodzi.

Chinanso, kunja kwake kuli kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso kamene kamapangika akangokumana ndi mpweya. Kakhunguko ndi kamene kamamuteteza kuti asadyeke, koma sikasungunuka mpaka madigiri oposa 2,000. Ndiye mkati mungathe kukhala mutasungunuka kale, kunja kukuonekabe kolimba. Ndisanawotcherere ndimayamba ndakapala ndi bulashi ya waya imene sinakhudzepo chitsulo china, ndipo ndimagwira ntchitoyo nthawi yomweyo, chifukwa ndikachedwa kakhunguko kamabwereranso.

Bambo Mbewe:
A Mavuto, ndikupempheni chinthu. Tilembereni zimene maso anu amaona pa zinki wa pamalata ndi pa sitenilesi mmene mwachitira ndi aluminiyamuyu, kuyambira pamene moto wafika mpaka pamene chazizira. Ndikufuna kudziwa makamaka ngati sitenilesi amabwerera kumtundu wake wakale akapsa, kapena chipsera chimakhala.

Mavuto:
Chimakhala, bambo. M'mbali mwa mzere wowotcherera mumatsala mitundu ngati ya utawaleza, chikasu, chapepo ndi buluu, ndipo sichoka pokhapokha mutapala kapena kutsuka ndi mankhwala ake. Mukausiya, dzimbiri limayambira pomwepo ngakhale chitsulocho amati sichichita dzimbiri. Za zinki ndilemba madzulo ndikaweruka, chifukwa pamenepo pali nkhani ya utsi woyera umene umadwalitsa munthu, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwino.